Zakudya zochepetsa cholesterol m'magazi

Cholesterol ndi mtundu wa mafuta amene amayenda m'magazi. Wambiri amapangidwa ndi chiwindi, ndipo thupi limamufuna popanga ndulu ndi mahomoni. Wovuta ndi amene madokotala amamutcha LDL. Akachuluka amakanirira m'mitsempha mpaka magazi kumadutsa movutikira, ndipo mapeto ake amakhala matenda a mtima kapena sitiroko.

Mu 1913 Nikolai Anichkov wa ku Russia anadyetsa akalulu cholesterol, mitsempha yawo n'kuyamba kutsekeka. Umboni wa pa anthu unaonekera bwino ku North Karelia, m'dziko la Finland, kumene abambo ankamwalira ndi mtima akadali ndi mphamvu zogwira ntchito. Mu 1972 ntchito yotsogozedwa ndi Pekka Puska inayamba kulimbikitsa mabanja kuchepetsa batala, mkaka wa mafuta, mchere ndi fodya, n'kumaphikira mafuta a zomera. Patapita zaka 40, imfa zoterezi pakati pa anthu a msinkhu wogwira ntchito zinali zitatsika ndi 80 pa 100 iliyonse, mwinanso kuposerapo.

Phunziro lake ndi lakuti mafuta a zomera alowe m'malo mwa a nyama. Bungwe la WHO limati mafuta oundana, monga a nyama yonona ndi batala, asapitirire gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu zimene munthu amapeza m'chakudya. Kupatula nkhani ya mafuta, oats, nyemba, nandolo, khobwe ndi therere zili ndi ulusi wosungunuka umene umagwira ndulu m'matumbo, choncho chiwindi chimatapa cholesterol m'magazi kuti chipange ina.

Kuno kwathu mafuta abwinowa sasowa. Ali mu mtedza wa Chalimbana ndi CG7 umene alimi a ku Mchinji ndi Kasungu amakolola, mu soya, mu mpendadzuwa ndi m'mapeyala a ku Thyolo ndi Mulanje. Nsinjiro ndiye chuma chenicheni. Mayi akatendera nkhwani, chisoso kapena mfutso safunanso mafuta a m'botolo, ndipo ndiwo zimakoma mpaka nsima kuperewera. Futali wa mbatata, phala la mgaiwa lothira nsinjiro ndi chiponde chosinja mu mtondo, zonsezi ena amaziona ngati zachimidzi, pamene nthumbwana ndi nyama yonona ya pachiwaya amaziyesa zapamwamba.

Kudya zakudya za zomerazi kumatsitsa LDL pang'ono ndithu, koma amene dokotala anamulembera mankhwala asawasiye. Mtedza nawonso uzisankhidwa bwino usanasinjidwe, chifukwa wa chuku umawononga chiwindi.