Keyala ya kumudzi ndi ya m'tauni: momwe malo amadziwikira m'Zambia

Munthu wa kwa mfumu Nyampande akafunsidwa kumene amakhala, satchula nambala ya nyumba kapena dzina la msewu. Amatchula mudzi wake, mfumu yake ndi boma lake. Zitatu zomwezi zimalembedwanso pa chitupa cha NRC, chimene nzika ya Zambia imatenga ikakwanitsa zaka 16.

Keyala yotereyi imadalira anthu. Midzi yambiri imatchedwa ndi dzina la nyakwawa amene anaiyambitsa, ndipo mlendo akangofika m'mudzimo, ngakhale mwana amamulondolera pakhomo pamene akufuna. Lamulo la malo la chaka cha 1995 limavomereza malo amene ali m'manja mwa mafumu, ndipo ambiri mwa malo amenewa sanayezedwe kapena kupatsidwa manambala.

Makalata nawo safika pakhomo. Amafikira m'bokosi ku positi, ndipo kwa zaka zambiri anthu akumidzi akhala akulandirira makalata awo pa bokosi la sukulu kapena la tchalitchi. Manambala a mabokosi a ku Petauke amayamba ndi 560, a ku Nyimba ndi 570, pamene a ku Chipata amayamba ndi 510.

M'matauni zinthu n'zosiyana, koma si kuti n'zophweka. M'mizinda yambiri ya ku Ulaya ndi ku America, nyumba zimawerengedwa motsata msewu: mbali imodzi 1, 3, 5 ndipo mbali inayo 2, 4, 6. Kuno kwathu nambala imene anthu ambiri amapereka ndi ya puloti, yomwe inaperekedwa pamene malowo ankayezedwa. Nambala imeneyi imathandiza a khonsolo ndi a unduna wa za malo kudziwa mwini wake, koma siuza mlendo kuti ayende chakuti. Puloti ikagawidwa pawiri kapena patatu, manambala amasokonekeratu. N'chifukwa chake m'makomboni munthu amalondoleredwa ndi msika, chigayo kapena mtengo wa mango.

Mayina a misewu ndiwo amasunga mbiri ya dziko. Ku Lusaka, mzinda umene unakhala likulu m'chaka cha 1935, msewu wa Cairo umakumbutsa maloto a Cecil Rhodes olumikiza Cape Town ndi Cairo. Pafupi nawo pali Cha Cha Cha, dzina la zipolowe zomenyera ufulu za mu 1961. Dziko litalandira ufulu mu 1964, misewu ina inapatsidwa mayina a atsogoleri a mu Africa monga Lumumba, Ben Bella, Nasser ndi Haile Selassie. Woimba ndi woulutsa mawu Alick Nkhata nayenso ali ndi msewu wake. Matauni athunthu anasinthanso mayina: Fort Jameson inakhala Chipata, Broken Hill inakhala Kabwe. Koma msewu waukulu wodutsa ku Nyimba kupita ku Chipata unasungabe dzina lake la Great East, ngakhale kuti pa mapu umalembedwanso T4.

Udindo wotcha misewu mayina uli m'manja mwa makhonsolo. Lamulo la za positi la chaka cha 2009 litakhazikitsidwa, bungwe la ZICTA linayamba ntchito yoika zikwangwani za misewu ndi manambala a nyumba mogwirizana ndi makhonsolo, kuyambira ku Lusaka.

Nkhaniyi si ya makalata okha, pakuti masiku ano olemba makalata ndi ochepa. Mabanki amafuna umboni wa kumene munthu amakhala asanamutsegulire akaunti, ndipo wakumudzi nthawi zambiri amadalira kalata ya nyakwawa kapena ya mfumu. Vuto lalikulu limabwera usiku, mayi wapakati akadwala kapena nyumba ikagwira moto. Woyendetsa ambulansi amene sadziwa deralo amaima panjira n'kumaimba foni, kudikira kuti wina atuluke ndi tochi kudzamuonetsa njira.