Kafukufuku wa uchembere: ndani amalowamo, ndani amatsalira?

Kafukufuku wa uchembere ndi ntchito yofufuza zimene zimadwalitsa kapena kupha amayi apakati ndi makanda, ndi kuyesa njira zowatetezera. Kuno ku Mozambique ntchitoyi imachitika kudzera ku Instituto Nacional de Saúde, limene lili ku Marracuene, komanso malo ngati Centro de Investigação em Saúde de Manhiça, amene anatsegulidwa mu 1996. Kalembera wa zaumoyo wa IDS wa 2011 anapeza kuti pa ana 100,000 obadwa amoyo, amayi 408 ankamwalira ali ndi pakati, pobereka kapena atangobereka kumene.

Phindu lake

Mapiritsi a Fansidar amene amayi amamwa kusikelo kuti apewe malungo anayesedwanso ku Manhiça. Lero bungwe la OMS limalangiza kumwa katatu kapena kupitirira, kuyambira pakati pakapitirira miyezi itatu. M'zigawo za Maputo ndi Gaza, kafukufuku wa CLIP anaphunzitsa ma APE kuyeza kuthamanga kwa magazi kwa amayi m'midzi momwe.

Amene amatsalira

Nthawi zambiri ofufuza amalemba amayi amene afika kuchipatala. Potero amaphonya a kutali ndi msewu, oberekera kunyumba, osamva Chipwitikizi, ndi atsikana otenga pakati ali aang'ono. M'maboma a Angónia ndi Tsangano muli amayi amene amawolokera ku Dedza kapena ku Ntcheu kukayezetsa, ndipo mbiri yawo imagawika m'mayiko awiri. Anthu otere ndiwo ali pachiopsezo chachikulu. Akasowa m'kaundula, boma limakonza mapulani osadziwa mavuto awo.

Njira zofikira onse

Ofufuza amatha kugwira ntchito ndi mafumu, azamba ndi ma APE, kufotokoza zonse m'chinenero cha mayiyo, kubweza ndalama yoyendera, ndi kupewa kuitana anthu nthawi yodzala kapena yopalira.

Ufulu wa mayi

Kafukufuku aliyense ayenera kuvomerezedwa ndi komiti yoona za ufulu wa olowamo, ndipo yaikulu ndi Comité Nacional de Bioética para a Saúde. Mayi amauzidwa ubwino ndi kuopsa kwake asanavomere. Wosadziwa kulemba amadinda chala pamaso pa mboni. Akhoza kufunsa mwamuna wake kapena abale, koma mawu omaliza ndi ake. Akakana, kapena akasiyira panjira, thandizo lake kuchipatala silichotsedwa.