Njovu ya pa Shire

Omvera athu, madzulo ano tiyang'ane chithunzi chakale chimene Thomas Baines anajambula ndi utoto m'chaka cha 1859. Iyeyu anali wojambula ndiponso wosunga katundu pa ulendo wa David Livingstone wa ku Zambezi. Chithunzicho chikusungidwa ku London. Chimaonetsa njovu ili m'madzi osaya a mtsinje wa Shire, pamene anthu a m'sitima ya pamadzi akuiombera mfuti.

Anthu a ku Britain, amene anayamba kuchiona, anaonamo kupambana: chitsulo, moto ndi wonga zikugonjetsa nyama yaikulu koposa zonse za m'thengo. Koma mbiri ikutiuza zina. Sitimayo, yotchedwa Ma Robert polemekeza mkazi wa Livingstone, inali yofooka. Inkatha nkhuni zambiri, inkaloŵa madzi, ndipo inamira mu Zambezi m'chaka cha 1860. Ndiponso Baines mwini wake sanapite nawo ku Shire. Anatsala ku Tete, najambula zimene anzake anamsimbira. Motero chimene tikuona si chimene diso linaona ai, koma chimene alendowo anafuna kuti kwao chikumbukiridwe.

Tsono tifunse za amene sali mutu wa chithunzichi. M'mbali mwa Shire munali midzi yambiri ya Amang'anja, olima thonje ndi osula zitsulo. Mfumu Tengani inaimitsa sitima yomweyi, nifuna kudziŵa cholinga cha alendowo. Wojambulayo anasankha njovu ndi mfuti, nasiya eni dziko. Chizoloŵezi choona dziko lathu ngati thengo lopanda mwini ndicho chinakonza njira ya ulamuliro wa atsamunda, umene unakhazikitsidwa m'chaka cha 1891.

Livingstone analemba kuti anaona njovu pafupifupi 800 m'dambo limene analitcha Elephant Marsh, pakati pa Chikwawa ndi Nsanje. Lero dzina lokha ndilo latsala, njovu mulibe. N'chifukwa chake Mmalaŵi akayang'ana chithunzichi mtima wake umakhala kwa njovuyo, ndipo utsi wa mfuti umamdzetsa chisoni m'malo mwa chimwemwe.

Ife a kuno ku Mzuzu tili ndi mwai, pakuti njovu zikadalipo ku Vwaza, kufupi ndi Rumphi. Ngati tizisamala, adzukulu athu adzaziona zamoyo, osati pa nsalu ya utoto yopachikidwa ku London. Tsalani bwino.