Timapepala ta Mankhwala a Mtima Tosungunuka M'kamwa

Timapepala timeneti ndi mankhwala opyapyala, aakulu ngati sitampa, amene amasungunuka pa lilime msanga popanda kumwera madzi. Opanga amasakaniza mankhwalawo ndi zomata monga pullulan, n'kuyala phalalo, kuliumitsa, kenako kulidula. Ofufuza ayesa njirayi ndi amlodipine komanso captopril, mankhwala a kuthamanga kwa magazi. Phindu lenileni lili kunsi kwa lilime, pomwe mankhwala ena amalowa m'magazi osadzera kaye kuchiwindi kumene mphamvu yawo imachepa. Okalamba ovutika kumeza mapiritsi ndiwo angapindule kwambiri. Koma kapepala kamodzi sikanyamula mankhwala ochuluka, ndipo chinyezi chimakawononga. Mu 2010 bungwe la FDA ku America linavomereza Zuplenz, kapepala koletsa kusanza. Timapepala ta mtima tambiri tikadali m'kafukufuku.