Chinyama cha ku Karonga chomwe chidakhala zaka 65 ndi maina obwereka

Mukangolowa m'nyumba yosungiramo zinthu zakale ku Karonga, yomwe idatsegulidwa mu 2004, chimakulonjerani ndi chinyama cha khosi lalitali, chamafupa okhaokha: Malawisaurus. Dzinali ndi lachitatu, ndipo lidabwera mochedwa.

Mafupa oyamba adatoledwa m'zaka za m'ma 1920 ndi Frank Dixey, katswiri wa miyala wa boma la atsamunda. Sidney Haughton, yemwe ankagwira ntchito ku South Africa, adawaunika mu 1928 n'kuwatcha Gigantosaurus dixeyi, poganiza kuti ndi mbale wa madayinoso omwe Majeremani adafukula ku Tendaguru, m'dziko lomwe lero ndi Tanzania. Tsoka ilo, dzina la Gigantosaurus lidali litaperekedwa kale ku mafupa ena a ku England, ndipo za ku Tendaguruzo zidali zitasinthidwa kukhala Tornieria. Chathuchi chidangotsatira, ngati mwana wamasiye wotengera mfunda wa pakhomo pomwe akuleredwa.

Haughton sitingamudzudzule kwambiri. Mafupa omwe adali nawo adali ochepa, ndipo mutu wa dayinoso wa khosi lalitali ndi waung'ono, wosachedwa kuphwanyika, choncho supezekapezeka.

Zinthu zidasintha m'zaka za m'ma 1980, pomwe akatswiri a ku Southern Methodist University ku Dallas, pamodzi ndi nthambi ya boma yoona zinthu zakale, adayamba kukumba ku Mwakasyunguti. M'miyala ya zaka zoposa 100 miliyoni adapezamo nsagwada, mano, mafupa a msana ndi a mchira. Mchirawo ndiwo udaulula zambiri. Mafupa a kutsinde kwake ndi olowana, lina lotumbika kumbuyo, linzake lokumbika kutsogolo, monga zimakhalira m'banja la titanosaur. Koma a pakati pa mchira alibe kulowana kotere. Apa zidaoneka kuti si Tornieria ayi, koma mmodzi mwa makolo akale a banjalo, lomwe pambuyo pake lidabala zimphona ngati Argentinosaurus ku South America. Mu 1993 Louis Jacobs, Dale Winkler, William Downs ndi Elizabeth Gomani adalengeza dzina loti Malawisaurus dixeyi.

Gomani, Mmalawi yekhayo pa anayiwo, sadalekere pomwepo. Pounika mafupa a m'dera lomweli adaona nsagwada ya m'munsi ya mano oonda kwambiri, yosiyana ndi ya Malawisaurus. Mu 2005 adaipatsa dzina lakelake, Karongasaurus gittelmani, ndipo mtundu wonsewo udadziwika kuchokera pa nsagwada imodziyo ndi mano angapo.