Kusagawana magetsi: zomwe zidachitikira chigawo cha Texas

Magetsi savuta kupanga kokha, amavutanso kusunga. Omwe akupangidwa ayenera kufanana ndi omwe akugwiritsidwa ntchito nthawi yomweyo. N'chifukwa chake madera oyandikana amalumikiza nthambo zawo kuti lina likaperewedwa, ligule kwa linzake.

M'dziko la America, zigawo zambiri zili pa mgwirizano wa nthambo za kum'mawa kapena za kumadzulo. Gawo lalikulu la Texas lili palokha, pansi pa bungwe la ERCOT lomwe lidakhazikitsidwa mu 1970. Chiyambi chake ndi lamulo la mu 1935, lomwe lidapatsa boma lalikulu mphamvu zoyang'anira malonda a magetsi odutsa malire a zigawo. Pofuna kupewa ulamulirowo, makampani a ku Texas adasankha kusagulitsa magetsi kunja kwa chigawocho. Nthambo zochepa zomwe zimalumikiza ERCOT ndi oyandikana nawo zimanyamula mamegawati pafupifupi 1,200 okha.

Kuipa kwa izi kudaoneka mu February 2021. Chisanu choopsa chidaumitsa zitsime ndi mapaipi a gasi, makina ambiri opangira magetsi adaima, pomwe anthu ankafuna magetsi ochuluka otenthetsera m'nyumba. Bungwe la ERCOT lidalamula kuti mamegawati 20,000 athimitsidwe pofuna kuteteza nthambo zonse. Nyumba ndi malo a malonda oposa 4.5 miliyoni zidakhala mu mdima, ndipo boma la Texas lidatsimikiza kuti anthu 246 adamwalira.

Mitengo nayo idakwera. Msika wopanda wogulitsa wochokera kunja umasowa wotsitsa mtengo, choncho magetsi a pikulitsa adafika pa madola 9,000 pa megawati imodzi kwa ola limodzi. Bungwe la Brazos Electric, lomwe lidalandira bilu ya madola pafupifupi 2 biliyoni, lidakalengeza kukhothi kuti lalephera kubweza ngongole.

Kulumikizana sikukadathetsa vuto lonse, poti zigawo zoyandikana nazo zidakhudzidwa ndi chisanucho ndipo zidathimitsako magetsi. Koma izo zidatha kuitanitsa mamegawati ochuluka kuchokera kum'mawa, motero kuthima kwake kudali kochepa. Mzinda wa El Paso, womwe uli mu Texas momwemo koma pa nthambo za kumadzulo, sudavutike kwambiri, ngakhale kuti udathandizidwanso ndi makina omwe adakonzedwa kuti azipirira chisanu.

Dziko la Malawi likudziwa ululu womwewu. Namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022, mamegawati pafupifupi 130 adatayika, ndipo padalibe nthambo yaikulu yoitanitsira magetsi kuchokera ku mayiko a mu Southern African Power Pool. Nthambo ya makilomita 218 yochokera ku Matambo, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, kudzafika ku Phombeya m'boma la Balaka, idakonzedwa kuti itseke mpata umenewo.