Nsengwa: zomwe imaulula za thanzi la mwana wongobadwa kumene

Mwana akabadwa, maso a aliyense amakhala pa iye. Koma mzamba amakhalabe ndi ntchito ina: kuyang'anitsitsa nsengwa. Kaya mwachilira pa chipatala cha boma cha Chiradzulu, ku Nguludi kapena pa chipatala chaching'ono ngati Namitambo, ntchito imeneyi siyenera kudumphidwa, chifukwa nsengwa imaonetsa mmene mwana amakhalira m'mimba.

Nsengwa ndi chiyani?

Ndi chiwalo chomwe chimamera m'chiberekero mayi akaima. Kudzera mu nsengwa ndi chingwe cha mchombo, mwana amalandira chakudya ndi mpweya wabwino kuchokera m'magazi a mayi, ndipo zoipa za m'thupi mwake zimatulukira momwemo. Nthawi zambiri imatuluka pasanathe mphindi 30 mwana atabadwa.

Nsengwa ya mwana wokwanira masiku imalemera pafupifupi theka la kilogalamu, ndipo imakhala yobulungira, yotambalala masentimita 20 kapena kuposerapo pang'ono. Chingwe cha mchombo chimatalika masentimita 50 mpaka 60 ndipo chimakhala ndi mitsempha itatu.

Mzamba amayang'ana chiyani?

Kukula kwake. Nsengwa yaing'ono kwambiri kawirikawiri imabwera ndi mwana wochepa thupi, wosafika makilogalamu 2.5. Mwana wotere amazizidwa msanga ndipo matenda samuchedwa, choncho amafunika kuyamwa pafupipafupi ndi kufunditsidwa pachifuwa pa mayi, njira ija ya kangaru. Nsengwa yaikulu mopitirira, yotumbuluka, ikhoza kusonyeza chindoko kapena matenda a shuga mwa mayi.

Mtundu ndi fungo. Ikakhala yobiriwira, mwana anachita chimbudzi ali m'mimba ndipo kapumidwe kake kayenera kuyang'aniridwa. Ikamanunkha, mwina munalowa tizilombo, ndipo mayi ndi mwana angafunike mankhwala.

Chingwe. Chikakhala ndi mitsempha iwiri yokha, ana ambiri amakhala bwinobwino, koma ena amapezeka ndi vuto la impso kapena mtima, choncho mwana amapimidwa mofatsa.

Ngati yatuluka yonse. Kachidutswa kotsalira m'chiberekero kamachititsa mayi kutaya magazi ambiri, vuto lomwe limapha amayi ochuluka pobereka. Ichi n'chifukwa chake kuchilira kunyumba, kumene nsengwa imangokwiriridwa osapimidwa, n'koopsa.

Malungo amabisala mu nsengwa

Tizilombo ta malungo timatha kuunjikana mu nsengwa mayi osamva kutentha thupi ngakhale pang'ono. Zikatero chakudya chimafika mopereŵera kwa mwana, ndipo amabadwa wochepa kapena masiku asanakwane. Amayi a mimba yoyamba ndi omwe ali ndi HIV ndiwo ali pachiopsezo kwambiri. Mu 1993, dziko la Malawi lidakhala loyamba mu Africa kukhazikitsa ndondomeko yopatsa amayi oyembekezera mankhwala a SP, omwe ambiri timawatcha Fansida, kuti awateteze ku vutoli.

Zomwe mungachite

Yambani sikelo m'miyezi itatu yoyambirira. Kuyambira 2016, bungwe la WHO limalangiza kuti mayi aonedwe ndi azaumoyo kasanu ndi katatu asanachire. Miyezi itatu ikadutsa, landirani SP mwezi ndi mwezi, osachepera katatu. Ngati mumamwa kale Bactrim, auzeni anamwino chifukwa awiriwa samwera limodzi. Gonani m'masikito usiku uliwonse, imwani mankhwala owonjezera magazi, ndipo yezetsani BP, chindoko ndi HIV. Fodya ndi mowa zisiyeni, ndipo pewani utsi wa fodya wa ena.

Mukaona magazi muli oyembekezera, ngakhale opanda ululu, thamangirani kuchipatala: nsengwa ikhoza kukhala itatsekereza njira kapena itayamba kumatuka. Mukachira, musaope kufunsa mzamba kuti, "Kodi nsengwa yatuluka yonse, ndipo ikuoneka bwanji?" Ngati muli ndi mafunso ena, imbirani Chipatala cha pa Foni.